Mfundo

Atiitananso kusukulu, ife a imvi,
m'chipinda cham'mwamba ku Ginnery Corner
momwe fani imazungulira ngati yokakamizidwa.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndili mkhalapakati,
lero ndapachika dzina langa pachifuwa
ngati mwana wa sitandade wani.

Mayi Namaheya, amene anatula pansi umajisitireti,
sanabwere ndi buku.
Anasolola chingwe cha nsapato m'chikwama,
nachimanga mfundo, nati: Kokani.
Kapyepye anakokera uku, ine uko.
Mfundo inachepa, inalimba ngati njere ya bwemba.
"Ndi zimene mumachita kuntchito," anatero,
"mukatero mumalemba kuti zakanika."

Tinaseka. Ine ndinaseka ndi mano okha,
chifukwa m'chikwama mwanga munali fayilo ya buluu:
Likoswe, mmisiri wa ku Chirimba,
ndi Mayi Mpakeni, eni nyumba yosatha ku Kameza.
Katatu takhala pansi. Katatu tadzuka chimanjamanja.
Wina akuti mamiliyoni anayi, wina atatu ndi theka,
ndipo theka limenelo latalika kuposa phiri la Soche.
Maloya amangoyang'ana mawotchi.
Ine ndimasenza manambala
kuchoka chipinda ichi kupita icho
ngati kondakitala wosaka chenje pa Wenela.

Titamwa tiyi anatiuza:
"Mukatopa kufunsa kuti zingati, funsani kuti liti.
Zinathyoka liti? Panali ndani?
Mukafunsa, tsekani pakamwa.
Chete si dzenje loti muthamangire kukwirira."
Wina kumbuyo anang'ung'udza
kuti za maso a nkhono tonse timazidziwa,
koma nkhono ilibe tsiku lobwezera fayilo ku Chichiri.
Mayi sanamuyankhe.
Anakankhira nsonga zonse ziwiri m'kati,
chingwe chinapuma,
chikhadabo chinapeza polowera.

Lachiwiri lotsatira, mvula ikumenya malata,
ndinamufunsa Likoswe funso lija
ndipo ndinaluma lilime.
Ndinayamba kuwerenga maminibasi a ku Limbe
odutsa pansi pa windo.
Asanu ndi anayi. Loya wina anatsokomola.
Mawu anga onse anabwera pakhosi,
aja ndimatseka nawo mipata,
ndinawameza limodzi ndi malovu.
Khumi ndi atatu.

"Mwana wanga anali pansi pa makwerero,"
anatero, akuyang'ana zikhatho zake.
"Amandiponyera njerwa
pamene mayiwa ananditchula wakuba simenti.
Chiyambire tsikulo sandiyang'ana m'maso."

Mayi Mpakeni anavula magalasi
nawapukuta nthawi yaitali
ngakhale analibe fumbi.
Sanapepese. Ndisaname.
Anangofunsa dzina la mwanayo,
nafunsanso ngati ali pasukulu.
Maloya anayang'anana,
funso limenelo mulibe m'mapepala awo.

Sitinasainirane tsiku limenelo.
Theka lija likadalipo,
koma tsopano likukwana patebulo
pafupi ndi kapu ya madzi,
ndipo onse awiri akulitchula osakweza mawu.
Tikumananso Lachisanu, mvula ikalola.

Satifiketi ya maphunziro aja
sindikudziwa kumene ndinaisiya,
mwina m'minibasi, mwina pansi pa mafayilo.
Koma potsika masitepe madzulo amenewo
ndinaona chingwe cha nsapato yanga chikukhwekhwereka.
Ndinawerama, bondo linalira,
anthu akundilambalala,
ndinachimanga,
koma osalimbitsa.