Sitalaka ya Esinala

Magetsi athima kusanache.
Makina anga opondera sadziwa zimenezo,
akungotafuna buluku la mwana wasukulu
pakhonde pano ku Mufakose,
mpaka foni yanjenjemera m'thumba la malaya.

Ndi Esinala. Mano akugundana m'mawu ake.
Akuti: Ababa, lero sitinalowe.
Taima pageti la chipatala ku Leeds,
chipale chofewa chikugwera pa zikwangwani,
inki ikusungunuka,
mawu oti malipiro akuchucha ngati mamina a khanda.

Ndaseka mpaka singano yandilasa.
Angerezi pa sitalaka!
Omwe aja anatikhwirizira agalu ku Southerton
chaka chomwe tinakhala pansi pageti la fakitale ya nsalu
kupempha sheleni imodzi yokha.
Chipsera chidakalipo pa katumba wanga,
mano anayi, limodzi lopindika.
Lero mwana wa chipsera chimenechi
wagwira ngodya ya chinsalu cha madandaulo,
ngodya inayo, ndani akudziwa,
mwina mdzukulu wa mwini galu.

Wailesi ya mabatire ya a Mlauzi
imatibweretsera za kwawoko madzulo aliwonse:
sitima zagona m'masiteshoni,
aphunzitsi atsekera choko m'kabati,
nduna yaikulu yasinthidwanso
ine ndisanasinthe n'komwe lamba wa makinawa.
Anayambana ndi anansi awo a ku Ulaya,
navota, namenyetsa chitseko,
kutacha n'kupeza palibe wotembenuza makolo awo pabedi.
Ndiye anatsegula kazenera kakuseri
n'kuyamba kuimbira ana athu likhweru.

Nyuzipepala ina ya kumeneko
yamujambula kukamwa kuli yasa,
pansi n'kulembapo kuti adyera awa athawa odwala.
Inzake yalemba kuti ngwazi.
Chithunzi n'chomwecho.
Ine ndikuonapo chipewa chaubweya
chomwe anamulukira mayi ake asanatisiye,
ndi kampata ka m'mano ka kwathu ku Phalombe.

Tsono pali ichi chomwe sindinamuuze.
Tsiku la sitalaka salipidwa,
ndipo mapaundi akaonda uko
kuno mapiritsi anga a mtima amatha mwezi uli pakati.
Dzana ndinakhala pabenchi ku Parirenyatwa
kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka.
Namwino mmodzi, ife ngati linthumbu.
Anzake ali kozizirako.
Akundimanga lamba pamkono
anandinong'oneza m'Chishona
ngati mwana wanga angamudziwireko njira.

Ndiye Esinala akufunsa: Ababa, mawa ndilowe?
Ena ayamba kufooka. Lendi sidziwa sitalaka.

Ulusi uli m'kamwa mwanga.
Ndayang'ana kabotolo pazenera:
asanu ndi awiri.
Ndayang'ana katumba.
Mai Chinembiri akudutsa ndi wilibala ya zigubu zochokera kumjigo,
kondakitala wa kombi akukuwa za kutauni,
Harare yense wapita kokasakasaka,
palibe wondithandiza kuyankha.

Ndati: uvale masokosi awiri phazi lililonse.
Usaime pafupi ndi kamera,
imasankha yokha chomwe ikufuna kuona.
Koma usalowe.
Sheleni ija sanatipatse chaka chimenecho.
Anatipatsa chaka chinacho,
bwana ataima pa bokosi, chipewa m'manja,
kutiuza kuti ndi ubwino wa mtima wake.

Waseka, kapena walira, sindinamve bwino,
batire latha ndisanafunse.

Ndatenga lezala yodulira ulusi,
ndagawa piritsi pakati,
theka lero, theka mawa,
tizidutswa ndanyambita pachala.
Kenako phazi pa chopondera.
Bulukuli akulifuna Lolemba,
ndipo mwini wake, akutero mayi ake,
akuti akakula adzakhala namwino.