Khola Lachinayi

Ntchito ndinaipeza ku Kalongwezi,
kuseri kwa mpanda wa magalasi osweka pamwamba.
A Njobvu anandipatsa tsache, ndowa, ndi lamulo limodzi:
zimene uone muno, uzisiye pageti.

Makola anali a waya, osanjikizana ngati makireti a mowa.
Wapamwamba akakodza, wapansi ndiye wasamba.
Mu Okutobala malata ankatentha
mpaka agalu kuleka kuuwa,
malilime okha lende.

Wa m'khola lachinayi analibe dzina.
M'kabuku ka abwana anali nambala ndi mtengo:
wabereka kasanu ndi kamodzi.
Mawere akukwekwereza pansi,
zikhadabo zitapindika mpaka kulasa mnofu wake womwe,
poti dothi sanalipondepo chibadwire.
Ine ndinkamutcha Tisauke, monong'ona,
dzina la azakhali anga.

Ana ake ankachotsedwa akadali pabere,
kuwasambitsa sopo wonunkhira,
kuwajambula pa kapinga wa kumaso.
Ogula ochokera ku Lusaka, ena ku Mchinji,
ankangoti: ha, kukongola!
Palibe ndi mmodzi yemwe anati, tione mayi wake.

Amati galu wamkota sakandira pachabe.
Uyu anakanda waya usiku wonse,
m'mawa ndinatsuka magazi.

Ndinauza Mai Daka, ogulitsa tomato pa Kapata.
Anapukuta manja pachitenje:
Yotamu, misozi siimanga mlandu.
Foni uli nayo. Jambula khola, jambula bala,
jambula mbale youma ija.
Lemba tsiku, ola, nambala ya nyumba.
Usakangane nawo, usabe galu,
ungasanduke wakuba ndiwe.

Ndinajambula dzanja likunjenjemera.
Zithunzi ziwiri zinatuluka chala changa.

Lachiwiri ndinakwera njinga ya Mabvuto,
wa ku ofesi ya madokotala a ziweto.
Mayi wa pa tebulo anayang'ana foni nthawi yaitali,
kenako anavula magalasi.
Analemba. Anati ndipitenso kupolisi,
ndifunse dzina la wondilandira,
ndisachoke asanalembe m'buku.
Wapolisi wina anaseka: mlandu wa galu?
Ndinaima pomwepo mpaka cholembera chinayenda.

Mlungu unatha. Ndinabwererako.
Galimoto ilibe mafuta.
Ndinabwererakonso.

Anabwera Lachisanu, fumbi la Kanjala lili m'maso.
A Njobvu sanakalipe.
Anangondiyang'ana, n'kutenga tsache lawo.
Malipiro a mwezi umenewo
ndikuwadikirabe.

Koma ndinalipo pamene anatsegula khola lachinayi.
Tisauke sanathawe.
Anatulutsa phazi limodzi,
kuligunditsa pansi, kulibweza msanga
ngati waponda moto.
Ananunkhiza.
Anayesanso.

Tsopano ndimasenza matumba a makala ku Mchini.
Dzulo, ndikudutsa mpanda wina wautali,
ndinamva kulira kuja, kwa agalu ambiri
m'malo ochepa.
Ndinatula thumba.
Ndinawerenga nambala ya pageti kawiri.