Buku la Msungichuma

Anandisankha chifukwa ndimaphunzira zowerengera chuma,
komanso bondo langa lakumanzere linakana zodumpha.
Ndiye ndili pano ku Chikanda, m'kachipinda ka lendi,
kandulo pa sosala, malisiti m'jumbo ya shuga,
ndikuwerengera timu yathu ya basiketibo
mu ligi ya makoleji asanu ndi imodzi.

A kanema anabwera Loweruka lina mu Julaye,
chiperoni chitafunda phiri mpaka m'chiuno.
Galimoto yoyera, makamera atatu,
zingwe zoyanga pa simenti ngati mbatata.
Bwalo tinalisesa kawiri.
Mbwana anakwera pa desiki
kusoka ukonde ndi ulusi wa nsapato
kuti dziko lisaone umphawi wathu ukulendewera.

Pangano linali la masamba naini.
Amene analiwerenga lonse ndine ndekha.
Tsamba lachinayi likuti theka lipite ku makoleji a m'mizinda ikuluikulu
poti kumeneko n'komwe kuli maso ambiri,
ndipo otsatsa malonda amagula maso.
Ine sindinkadziwa kuti maso ali ndi mtengo,
kuti a ku Matawale ndi a ku Chinamwali
amagulidwa pa mulu ngati tomato wamadzulo.

Tsamba lachisanu ndi chiwiri likuti achotse:
mafuta a jenereta, kogona ojambula, msonkho,
ndi kanthu kena kotchedwa zina ndi zina,
kamene kanadya kuposa tonsefe.
Zotsalazo tigawane mwachibale.

Cheke chinafika mu Novembala, mafulufute atatuluka kale.
Gawo lathu: makwacha 47,300.
Mpira umodzi ndi chikopa cha wina.
Ikanakhala minibasi yopita ku masewera a ku Lilongwe
ikanatitsitsa pa Liwonde, tonse khumi ndi awiri,
n'kutiuza kuti kwinako tidziwa tokha.

Kochi Makwinja anaseka mpaka kutsokomola,
nati walira mvula walira matope.
Ena akuti ndadya.
Ndikamadutsa ku Chirunga amayang'ana nsapato zanga,
zomwe zija ndinabwera nazo chaka choyamba.

Koma pali nambala ina imene ndaisowera mzere m'bukumu.
Mayi ake a Sigele, ku Jali,
anavundikira matemba awo ndi chiguduli dzuwa likadalipo,
nalipira thu handiredi pa kanyumba ka vidiyo,
nakhala pakati pa anyamata ong'ung'udza
ofuna mpira wa ku Ulaya.
Anadikira ola lathunthu.
Anabwera sopo. Anabwera mayunitsi.
Anabwera feteleza ndi bambo womwetulira m'munda wa eni.
Kenako mwana wawo, nambala leveni kumsana,
analandira mpira, natembenuka,
nauponya ali kutali, kumene kochi amaletsa,
ndipo ukonde wa Mbwana unagwedezeka osaduka.

Masekondi seveni.
Magetsi anazima posakhalitsa.
Akuti mayiwo anaimirira mumdimamo
n'kumati ameneyotu ndinabereka ine,
ngakhale panalibe amene anawafunsa.

Ndayesa kugawa 47,300 ndi masekondi seveni.
Yankho likutuluka, ndithu, kakyuleta sakana,
koma sindikudziwa kuti ndi yankho la funso liti.

Dzulo aimbanso foni.
Akuti chaka chamawa abwera ndi makamera anayi,
tingosayina, zonse n'chimodzimodzi.
Mawa pa msonkhano ndiimika dzanja
ndifunse za tsamba lachinayi,
ngakhale ndikudziwa kuti a wapampando ayang'ana wotchi.

Kandulo yatsala ngati chala chaching'ono.
Kunja Likangala akulira ndi madzi oyamba.
Ndisanagone ndilembe ichi, ndingaiwale:
ulusi wa nsapato, eyiti handiredi,
Mbwana sanabwezeredwebe.