Mpatuliro wa Felesiya

Fayilo yafika pa fulashi ya Mwatitha,
ikadali ndi fumbi la msewu wa ku Malingunde.
Mizere zikwi zitatu.
Mzere uliwonse ndi khomo limene wina anaodira,
nakhala pamkeka, nafunsa.

Ndauza kompyuta kuti mzere woyamba ndi mitu,
mpatuliro ndiye malire a munda.
Yavomera msanga
ngati kondakitala wa minibasi ya ku Kawale
amene amati malo alipo asanacheuke n'komwe.

Kenako ndayang'ana.
Manambala a foni onse aguluka ziro wakutsogolo,
ana a magweru.
Bambo Kaŵinga awavula kachipewa ka pa ŵ,
dzina lasanduka zolemba za nkhuku.
Wobadwa pa 3 Epulo
tsopano akuti anabadwa pa 4 Malichi.

Koma wandiimitsa ndi mzere wa 812.
Felesiya Nangozo.
Anamufunsa zomwe amalima,
iye n'kuyankha monga munthu amayankhira:
chimanga, nyemba, mtedza pang'ono, mvula ikalola.
Wolemba sanatchinge mawuwo ndi mitengero.
Ndiye mpatuliro uliwonse wakankhira yankho khomo la eni.
Nyemba zalowa m'bokosi la zaka zake,
mtedza m'bokosi la mbuzi,
ndipo pamene pakufunsa kuti ana amoyo ndi angati
kompyuta ikuti:
mvula ikalola.

Fufuta, akutero Mwatitha, chikwama chili kale paphewa.
Mmodzi pa zikwi zitatu, adziwa ndani?
Lipoti likufunika Lolemba ku Kapitolo.
Magetsi aphethira kawiri,
jenereta ya ofesi yathu ya ku Eriya 3
inamwa dizilo womaliza Lachitatu.

Ndatsegula fayilo yaiwisi,
chala pagalasi,
kusankha mipatuliro ngati timiyala ta mumpunga.
Mtengero kuno, mtengero uko.
Ndaitananso fayilo.

Felesiya wabwerera m'nyumba mwake.
Zaka makumi anayi ndi chimodzi.
Mbuzi ziwiri.
Ana amoyo anayi.

Bokosi lotsatira, la ana amene anatsogola,
lili mbee.
Kompyuta yaikamo kadontho basi.
Mwina palibe.
Mwina wofunsayo anaona nkhope ya mayiyu
nadumpha funso.
Kulemba ziro n'kosavuta,
batani lake lili pansi pa chala changachi.
Ndalisiya.

Mlonda akugwedeza makiyi pakhonde.
Ndasunga fayilo m'dzina latsopano,
ndathamangira minibasi yomaliza,
kadontho kaja kali m'diso.