Litsiro Lobwereka

Zelipa sanachite dala.
Anafika Lachiwiri kuchokera ku Katete,
Lachitatu ine ndili ku ntchito
anasesa, anakolopa, anapukuta mazenera,
kenaka anaona siponji ya mu sefa ya nsomba zanga
itada bii ngati chiguduli cha pa galaja.
Anaichapa pa mpopi, ndi sopo,
mpaka inayera mbee,
naiyanika pa waya pamodzi ndi masokosi.

"Malume, mumasunga nyansi m'madzi."

Pofika Loweruka madzi anachita mbuu
ngati wina wathiramo mkaka.
Nsomba zonse zinakwera pamwamba,
kukamwa yasa, yasa,
kupempha mpweya womwe ine ndimapuma mwaulere.
Yofiira ija, ya mchira wong'ambika,
inagona chammbali pa timiyala.
Tinaikwirira kuseri, patsinde pa gwafa.

Mwana anafunsa chimene chinalakwika.
Ndimuuze bwanji kuti mu litsiro lija munali mudzi,
tizilombo tosaoneka ndi maso
timene timadya zonyansa za nsomba usiku ndi usana
popanda wotithokoza,
ndipo klorini wa pa mpopi anapasula mudziwo
m'mphindi imodzi?

Ndinakwera minibasi ya ku Kabwata
kwa a Daka, opuma ntchito ku njanji,
kukapempha chimene munthu sapempha kwa mnzake.
Anafinyira siponji yawo m'botolo la jamu,
madzi akuda, fungo la dothi la mvula yoyamba.
"Gwira bwino. Zimenezi n'zamoyo."
Ndinalifungatira pachifuwa mpaka ku Chilenje,
kondakitala akundiyang'ana cham'mbali.

Kenaka masiku a ndowa.
Kutapa pang'ono madzulo aliwonse,
kuthiramo ogonera dzulo,
chakudya kungotsina, tsiku lina osapereka.
Magetsi akazima sefa imangoti zii,
ndiye Zelipa amadzuka yekha, tochi ya foni pakamwa,
kutunga ndi kapu, kutsanula kuchokera pamwamba,
kutunga, kutsanula,
kuti madzi apume.
Sindinamutume.

Tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chinayi
ndinaona khoma kupyola galasi,
ngakhale msomali wa kalendala.
Zisanu ndi ziwiri zotsala zikuthamangitsana pansi.

Siponji yayambanso kuda.
Dzulo ndinapeza Zelipa atawerama, akuisuzumira,
manja onse awiri
atabisa kumbuyo.