Kuseri kwa Chisi

Minibasi inatitula pa Kachulu ili wefuwefu,
kondakitala akudzichotsa fumbi m'khutu ndi kamtengo ka machesi.
Ndinafunsa kumene kuli nyanja.
Mayi wogulitsa matemba analoza ndi chibwano:
"Chaka chatha inali pamene mwaimapo. Itsateni."

Ndinaitsata.
Che Likaka anakankha bwato ndi nsungwi yaitali
m'ngalande yokumba ndi makasu,
madzi olekeza m'mawondo, ofiirira ngati tiyi wa pamaliro.
Dzina sanandifunse.
Anangoyang'ana nsapato zanga zatsopano
naseka ndi mphuno.

Kuseri kwa Chisi kulibe golosale,
kulibe chikwangwani cholonjeza chitukuko,
ngakhale foni inaleka kundidziwa.
Pali mlambe umodzi woyang'ana kumbali,
kenako dziko limangogona chafufumimba
mpaka kumene maso atopera.

Thope.
Poyamba louma, long'aluka ngati zidendene za mu Okutobala,
mchere utayera mbuu pamwamba pake.
Kenako lofewa, lofunda, lonunkha dzira lowola.
Kenako lanjala:
linameza nsapato yanga yakumanzere osatafuna.
Ndinapisa mkono mpaka m'chigongono
n'kuvuula chigoba cha nkhono ndi kachidutswa ka ukonde.
Inzakeyo ndinavula ndekha,
ndinainyamula pachifuwa ngati mwana wamasiye.

Akakowa anali ataima patali,
anamwino pa nthawi yopuma, osafuna kuitanidwa.
Bwato lina linagona chammbali, udzu utamera m'mimba mwake,
pamphumi pake penti wofiira akunenabe kuti ZIDZATHA.
Sindinadziwe ngati ankanena mavuto kapena madzi.

Zaka khumi ndi zinayi ndadinda mapepala a malo ku boma,
ndaona abale a bere limodzi akutukwanizana
chifukwa cha mzere umodzi wa chinangwa.
Koma pano chikhomo ndingachikhome pati?
Dzana panali pa nsomba,
lero ng'ombe zasiyapo ndowe,
ndipo palibe wabwera ndi kalata.

Ndinaima.
Phiri la Zomba, lija limatiphimbira dzuwa kuofesi,
linali kumbuyo kwanga, laling'ono, lobiriwira,
loti n'kulibisa ndi chala chachikulu.
Chete wake wa kumeneko ali ndi timawu:
thope likupuma tinthovu,
ntchentche imodzi yosochera,
mtima wanga ukugogoda ngati mlendo pakhomo la eni.

Mwera unayamba ndi kundinyambita m'khosi.
Che Likaka anakuwa ali pabwato:
"Bwererani, achimwene, akubwera!"
Ndinaunguza munthu. Panalibe munthu.
Anali madzi,
opyapyala ngati chikhadabo,
akukwawa mwaulemu, opanda funde, opanda phokoso,
kulowa m'mapazi anga limodzilimodzi
monga mwini nyumba aloweramo m'zipinda zake
osaodira.

Ndinathamanga mmene munthu athamangira m'maloto,
thope likundigwira akakolo, likundichonderera kuti nditsale.
Pofika pabwato ndinacheuka:
njira yonse ndinayenda ija inali itasanduka thambo,
mitambo iwiri ikusamba pamene ndinaima.

"Imatero," anatero Che Likaka, akuyatsa ndudu yopichira.
"Mphepo ikaikankha imabwera kudzaona malo ake.
Ikaleka, imapita.
Ife timangobwereka."

Ndinakwera minibasi wopanda nsapato,
miyendo itauma mbuu ngati ndaponda m'phulusa.
Mtsikana wa sukulu anandisunthira, akubisa kuseka m'buku.

Lolemba ndinali pa desiki langa,
chidindo kudzanja lamanja, inki kumanzere,
anthu pamzere ndi mikangano yawo m'maenvulopu.
Pansi pa chikhadabo panali patatsala kadothi kakuda.
Sindinakachotse.
Ndinkaganiza za nsapato yanga yakumanzere,
kuti mwina pofika pano mwalowa kamwana ka mlamba,
kakukhalamo mwamtendere,
kopanda lendi, kopanda mboni,
kopanda siginecha yanga.