Chigongono cha Katapila

Anaibweretsa pa njinga Lachiwiri, kuno ku Nchalo,
pini ya mkono wa katapila, yonenepa ngati ntchafu ya mbuzi,
itadyeka mbali imodzi ngati sopo wa pamjigo.
Bizeki Thole, woyendetsa makinawo,
anaiponya pa tebulo langa nati:
"Mayi, chigongono chalira sabata zitatu.
Ndikatapa mchenga, gwe! Ndikatula, gwe!
Mano anga atha."

Ndinaipukuta ndi sanza, ndinainunkhiza.
Munalibe girisi m'menemo, munali Mwanza yense:
mchenga wotsika kumapiri, makande ouma,
tizigoba ta nkhono.
Mtsinje suluma chitsulo.
Umangonyambita, lero ndi mawa,
mpaka chitsulo chizolowere kuchepa.

Usiku magetsi atazima ndinajambula pa katoni,
udzudzu uli m'khutu, thukuta likufufuta manambala.
Ndinayamba ndi mpata.
Pini ndi bushi zikakumbatirana kwambiri,
dzuwa la Okutobala lizitupitsa, zigwirana pakhosi.
Zikatalikirana, ndi nkhonya tsiku lonse.
Ndinasiya pakati pawo malo a tsitsi limodzi,
pongokwana mafuta ndi ulemu.

Kenaka funso limene sindilikonda:
mwa ziwirizi, chithe n'chiti?
Poti palibe chopinda chosadyeka.
Pini ndinaiumitsa pamoto, khungu gwa, mtima wofewa,
kuti ikagunda mwala isathyoke.
Bushi ndinasankha yamkuwa, yogonja,
yotuluka ndi hamala madzulo amodzi.
Iyo izitha, mkono uzikhala.

Bambo anga anadula nzimbe zaka makumi awiri ndi zitatu.
Bondo lawo linalibe bushi yosintha.
Likulirabe ku Ngabu akamadzuka pamphasa.

M'kati mwa mkuwa ndinasema tingalande
monga amayendetsera madzi m'minda ya nzimbe,
kuti girisi asaime pakhomo ngati mkamwini wamanyazi
koma alowe mpaka pansi, pamene katundu amatsamira.
Kukamwa konse kuwiri ndinaika mphira, milomo yoloza kunja:
chotuluka chituluke,
mchenga ugogode ubwerere.
Kansonga kopopera ndinakabisa m'kadzenje.
Kakale kanali pamtunda, chitsa choyamba chinakathyola,
ndipo kuyambira tsikulo mfundo inkadya youma
wina osafunsa.

Bushi inagona mufiriji ya Mayi Nyakamera,
pakati pa mafirizesi ndi makakana,
kuti ifinyike pang'ono ndi kuzizira.
M'mawa inalowa m'malo mwake mosakangana,
ikununkha nsomba.

"Uzipopa," ndinamuuza Bizeki, "usanamwe tiyi.
Popa mpaka wakuda atuluke ndi zinyalala zake,
mpaka watsopano asuzumire m'mbali."
Anaseka. "Abwana amawerenga girisi ndi supuni."
"Uwauze aziwerenganso mapini."
Anakanda m'mutu, nanyamula pampu.
Sindinadziwe ngati wamva.
Ndingajambule mpata, ngalande, kulimba kwa chitsulo,
koma dzanja la munthu m'bandakucha
silijambulika pa katoni.

Januwale, madzi atafiira,
ndinkapita kukaona bambo, ndili m'minibasi,
ndipo pamlatho ndinamuona katapila uja
atamira mpaka m'chiuno, akuunjika mchenga m'mphepete
kuti mtsinje usalowe m'mudzi.
Mkono ukutsika, ukupinda, ukukwera, ukutula.
Ndinakankha galasi kuti ndimve.
Injini. Mkokomo wa madzi.
Ana akukuwa pachulu.
Chigongono chili zii.

Ndinatchera khutu mpaka tinawoloka.
Mayi wokhala pambali panga, nkhuku ili pamiyendo,
anandigwira paphewa:
"Tsekani, mvula ikulowa."